Liwu la Chingerezi loti "feckless": mafunso ndi mayankho

Amene amawerenga nyuzipepala za ku Britain kapena kutsatira mikangano ya andale a ku America amakumana ndi liwu loti *feckless* kawirikawiri, chonsecho ambirife kusukulu sitinaphunzitsidwe. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa mobwerezabwereza akalipeza m'nkhani. Ayambira pa tanthauzo, kenako kochokera liwuli, mpaka pa mmene limagwiritsidwira ntchito masiku ano.

Kodi feckless amatanthauza chiyani?

Ndi liwu lofotokoza munthu amene palibe chimene chimatheka m'manja mwake. Amayamba ntchito osaimaliza, amalonjeza osachita, udindo ukam'peza amangoti kakasi mpaka wina abwere kudzaupitiriza. Sikuti ndi wankhanza, komanso sikuti ndi chitsiru. Nthawi zina amakhala munthu wansangala, wokoma pakamwa, woti mukhoza kucheza naye tsiku lonse. Koma mukam'siyira ana, munda kapena ofesi, mudzapeza zinthu zili pomwe munazisiya, mwinanso zitabwerera m'mbuyo.

Mabuku otanthauzira mawu amapereka matanthauzo awiri oyandikana. Loyamba ndi kufooka, kusowa mphamvu yobweretsa zotsatira. Lachiwiri ndi kusasamala udindo. Loyambalo ndiye lakale, ndipo limagwira ngakhale pa zinthu zimene si anthu: ndondomeko ya boma, komiti, kapena kuyesayesa kulikonse kosabala kanthu. Lachiwirilo ndi limene lafala lero, ndipo ndi limene limaluma. Mngerezi akanena *feckless father*, akutanthauza bambo amene anabereka ana koma za chakudya chawo, sukulu yawo ndi matenda awo sizim'khudza.

Limatchulidwa bwanji?

Lili ndi maphatikizo awiri, ndipo mphamvu imagwera pa loyamba: *FEK-las*. Lembo la *e* la kumapeto silimveka bwinobwino, limangodutsa mofulumira monga mu *careless*. Khalidwe lenilenilo amati *fecklessness*, ndipo kuchita chinthu m'njira yoteroyo amati *fecklessly*.

Ngati -less amatanthauza "wopanda", nanga feck n'chiyani?

Apa ndi pamene nkhani ya liwuli imakomera. Aliyense wophunzira Chingerezi amadziwa kuti *homeless* ndi wopanda nyumba, *hopeless* ndi wopanda chiyembekezo. Koma akafika pa *feckless* amadabwa, chifukwa *feck* sanamumvepo. Ngakhale Angerezi eniake ambiri sadziwa chimene munthuyo akusowa.

*Feck* ndi liwu la ku Scotland, ndipo ndi chidule cha liwu limene tonse timalidziwa, *effect*, zotsatira za chinthu. Linalembedwa kale m'zaka za m'ma 1400. Anthu a kumeneko analipatsa matanthauzo angapo: mphamvu ya chinthu, phindu lake, kuchuluka kwake, ndiponso gawo lalikulu la chinthu. Munthu ankatha kunena *the feck o' my life* kutanthauza zaka zambiri za moyo wake, kapena *a feck o' books* kutanthauza mulu wa mabuku. Choncho wopanda *feck* ndi munthu wopanda kulemera, amene kukhalapo kwake sikusintha kanthu.

*Effect* nalonso si la Chingerezi chenicheni. Linachokera ku Chilatini, *effectus*, kuchokera ku mneni *efficere*, kutanthauza kuchita chinthu mpaka chitheke. M'kati mwa mneniyu muli *facere*, kuchita kapena kupanga, tsinde lomwelo limene linabala *fact* ndi *factory*. Linafika m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa m'zaka za m'ma 1300. Ndiye mukalitsata mpaka ku muzu, *feckless* ndi m'bale wake wa *ineffective*, kungoti wina anakulira m'mabuku pamene mnzake anakulira m'kamwa mwa anthu a kumudzi.

Zinatheka bwanji kuti effect asanduke feck?

Liwuli linadulidwa mbali zonse ziwiri, ndipo kudula kulikonse kuli ndi chifukwa chake.

Kumapeto, anthu a ku Scotland ali ndi chizolowezi chosatchula *t* akabwera pambuyo pa *k*. Pamene Mngerezi wa ku London amati *respect*, iwo amati *respeck*. *Correct* amasanduka *correck*. Motero *effect* anakhala *effeck*.

Koyambirira kwa liwu kunachitika chinthu chimene n'chofala m'Chingerezi chonse. Liwu likayamba ndi phatikizo lopanda mphamvu, pakamwa pamachita ulesi nalo, ndipo pakapita mibadwo limagwa. *Alone* anabala *lone*, *esquire* anabala *squire*, *amend* anabala *mend*, *defence* anabala *fence*. Ngakhale *cute*, liwu limene achinyamata amalikonda pa Facebook, linali *acute*, ndipo poyamba linkatanthauza wochenjera, osati wokongola. Mu *effeck* mphamvu ili pa phatikizo lachiwiri, choncho *e* woyambayo anathothoka, n'kutsala *feck*.

Mukati ndi la ku Scotland, mukunena Chingerezi cha kumeneko kapena chinenero china?

Ku Scotland kuli zilankhulo zitatu zimene anthu amazisokoneza. Pali Chingerezi, pali Gaelic ya kumapiri ndi kuzilumba za kumadzulo imene si m'bale wapafupi wa Chingerezi, ndiye pali Scots, imene imalankhulidwa m'madera a kumunsi ndi kumpoto chakum'mawa. *Feck* ndi wa Scots.

Scots ndi Chingerezi anachokera kwa kholo limodzi, Chingerezi chakale, koma anakula mosiyana chifukwa Scotland unali ufumu wodziimira pawokha. M'zaka za m'ma 1500 Scots inali chinenero cha kunyumba ya mfumu ku Edinburgh, cha malamulo ndi cha andakatulo. Zinthu zinayamba kusintha mu 1603 pamene Mfumu James VI ya Scotland inalowanso ufumu wa England n'kusamukira ku London, ndipo mu 1707 nyumba za malamulo za mayiko awiriwa zinaphatikizidwa. Kuchokera apo Scots inayamba kuonedwa ngati chilankhulo cha osaphunzira, ndipo ana ankadzudzulidwa akailankhula m'kalasi. Komabe sinafe: pa kalembera wa mu 2011 anthu pafupifupi 1.5 miliyoni anati amatha kuilankhula. Mpaka lero pali mkangano woti kaya ndi chinenero pachokha kapena nthambi chabe ya Chingerezi.

Nanga linalowa liti m'Chingerezi cha aliyense?

*Feckless* anayamba kuoneka m'zolembedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, m'manja mwa olemba a ku Scotland. Kwa zaka zoposa 200 linakhala liwu la kumpoto, lomveka ku Scotland ndi m'zigawo za England zoyandikana nako. Munthu wa ku London akanalimva akanafunsa tanthauzo monga mmene mukufunsira inumu.

Linawoloka malire m'zaka za m'ma 1800, nthawi imene olemba a ku Scotland ankawerengedwa kwambiri kulikonse kumene Chingerezi chinafika. Amene amatchulidwa kawirikawiri kuti analifalitsa ndi Thomas Carlyle, amene anabadwira m'kamudzi ka Ecclefechan mu 1795 n'kumwalira mu 1881. Carlyle anakhala zaka zambiri ku London, koma mawu a kwawo sanawataye. Anali munthu wolemekeza ntchito ngati chipembedzo, wonyansidwa ndi ulesi ndi kuzengereza, choncho n'zosadabwitsa kuti liwu ngati limeneli linam'komera.

Pofika mu 1932 linali lodziwika mokwanira moti Stella Gibbons, m'buku lake loseketsa la *Cold Comfort Farm*, anatha kupatsa ng'ombe za pa famu yosokonekera mayina oti Graceless, Pointless, Feckless ndi Aimless, podziwa kuti owerenga amva nthabwalayo popanda kuwamasulira.

Kodi liliponso liwu lotsutsana nalo, monga feckful?

Lilipo, koma linatsalira ku Scotland. *Feckful* ndi munthu wamphamvu, wochitachita, amene akagwira chinthu chimatheka. Panalinso *feckly*, kutanthauza "makamaka" kapena "pafupifupi zonse". Chingerezi cha aliyense chinangotenga lonyozalo n'kusiya loyamikiralo, ndipo ineyo ndimaona kuti pamenepa chinataya liwu labwino. Mukalemba *feckful* lero, ambiri aganiza kuti mukuseka.

*Feckless* sali yekha pa umasiye wotere. *Ruthless* ndi wopanda *ruth*, liwu lakale la chifundo. *Hapless* ndi wopanda *hap*, mwayi, tsinde lomwe lili mu *happy* ndi *happen*. *Gormless*, limene Angerezi amanenera munthu wongoti pakamwa yasa osamvetsa zimene zikuchitika, linachokera ku liwu la kumpoto kwa England la *gaum*, kutchera khutu. Ana onsewa ali moyo, makolo awo anaiwalika.

Likumveka ngati kutukwana. Kodi n'kutukwana?

Ayi. *Feckless* mukhoza kulipeza m'nyuzipepala yolemekezeka, m'chigamulo cha khoti kapena mu ulaliki. N'lonyoza, koma si lolaula.

Chisokonezo chimabwera chifukwa ku Ireland kuli *feck* wina, amene anthu amanena pofuna kuzemba liwu lotukwana la Chingerezi loyamba ndi *f* lija. Ameneyu anatchuka kunja kwa Ireland kudzera m'sewero la pa wailesi ya kanema la *Father Ted*, limene linaonetsedwa pa Channel 4 kuyambira 1995 mpaka 1998, momwe wansembe wina wokalamba ankangolikuwa. *Feck* wa ku Ireland ameneyu ndi *feck* wa ku Scotland amene tam'fotokoza pamwambapa amangofanana kalembedwe. Komabe makutu a anthu samva mbiri, amamva kaphokoso, ndipo mwina n'chifukwa chake *feckless* amamveka waukali kuposa *ineffective* ngakhale kuti muzu wawo ndi umodzi.

Likusiyana bwanji ndi reckless, lazy kapena useless?

Losokoneza kwambiri ndi *reckless*, chifukwa awiriwa amamveka mofanana. *Reckless* ndi wopanda *reck*, liwu lakale lotanthauza kusamala kapena kulabadira. Munthu wa *reckless* amachita zinthu, ndipo amazichita mwamphamvu, kungoti saganiza za ngozi. Dalaivala wa minibasi amene akupitirira lole pokhota msewu ndi *reckless*. Mwini minibasi amene waisiya pabwalo miyezi isanu ndi umodzi, matayala n'kuphwa, chifukwa tsiku lililonse amati "mawa ndikagula kachitsulo kaja", ameneyo ndi *feckless*. Wina amaononga ndi liwiro, mnzake amaononga ndi kungokhala.

*Lazy* ndi waulesi, amene mphamvu ali nazo koma safuna kuzigwiritsa ntchito. Wa *feckless* akhoza kukhala wotanganidwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, thukuta kamukamu, koma madzulo palibe choloza. *Useless* ndi chigamulo chomaliza, chonena kuti munthuyo alibe ntchito m'pang'ono pomwe. *Feckless* amaloza malo enieni pamene pavunda: pakati pa kufuna ndi kuchita. *Hapless* ndiye wachifundo pa onsewa, chifukwa amaika mlandu pa tsoka, osati pa munthu.

M'Chichewa tingamasulire bwanji?

Palibe liwu limodzi lokwana ndendende, ndipo womasulira ayenera kuyang'ana kaye kuti m'chiganizomo liwuli lapendekera kuti.

Likapendekera ku kusowa phindu, "wopanda pake" ndiye woyandikira kwambiri, ndipo n'zochititsa chidwi kuti kamangidwe kake kakufanana ndi ka Chingerezicho: onse awiri akunena za kusowa kanthu kena kamene kamapatsa munthu kulemera. "Wachabechabe" n'ngoopsa kuposa pamenepo, akuyandikira *useless*. Likapendekera ku kufooka, "wolobodoka" amagwira bwino, makamaka ponena za utsogoleri kapena ndondomeko. Likapendekera ku udindo, nenani kuti "wosasamala banja", "wosadalirika" kapena "wotayirira". "Wa manja lende" amajambula bwino chithunzi cha munthu woimirira pamene anzake akugwira ntchito, koma amakokera ku ulesi, ndipo taona kale m'funso lapitalo kuti ulesi ndi nkhani ina.

Chimene sindingalimbikitse ndi kumasulira kuti "chitsiru" kapena "mbuli". *Feckless* sanena za nzeru. Pulofesa akhoza kukhala *feckless*, ndipo mayi wosadziwa kulemba dzina lake akhoza kukhala *feckful* woposa mudzi wonse.

N'chifukwa chiyani ku Britain limamveka kwambiri pa nkhani za anthu osauka?

Funso ili ndi lofunika kuposa ena onse, chifukwa apa ndi pamene liwuli limavulaza anthu.

Ku Britain kuli maganizo akale ogawa osauka pawiri: oyenera kuthandizidwa ndi osayenera. Amasiye, okalamba ndi olumala ankaikidwa m'gulu loyamba. Munthu wa thupi lamphamvu koma wopanda ntchito ankaikidwa m'gulu lachiwiri, poganiza kuti umphawi wake wadzipalira yekha. Lamulo la osauka la mu 1834 linamangidwa pa maganizo amenewa. Wofuna thandizo ankayenera kulowa m'nyumba yotchedwa *workhouse*, mmene mwamuna ankalekanitsidwa ndi mkazi wake, makolo ndi ana awo, ndipo moyo wa m'menemo unkaumitsidwa dala kuti ukhale wowawa kuposa wa wantchito wolandira malipiro otsikitsitsa kunja. Cholinga chinali choti munthu asapemphe thandizo pokhapokha zitafika pothina penipeni.

Nyumba zimenezo zinatsekedwa kalekale, koma maganizowo akadalipo, ndipo *feckless* ndi limodzi mwa mawu amene amawanyamula. Mkangano wa ndalama zimene boma limapereka kwa osowa ntchito ukabuka, mumamva za *the feckless poor*, za abambo othawa ana, za atsikana obereka opanda mwamuna. Mu 1995 Boris Johnson, akadali mtolankhani, analemba m'magazini ya *The Spectator* kuti mwamuna wa ku Britain wogwira ntchito zamanja kawirikawiri amakhala chidakwa, chigawenga, wopanda cholinga ndiponso *feckless*. Nkhaniyo inafukulidwanso mu 2019 pa nthawi ya kampeni, iye ali nduna yaikulu, ndipo inakwiyitsa anthu ambiri.

Taonani mmene liwuli layendera. Kwa anthu a ku Scotland akale, wodwala wongodzuka kumene pa mphasa ankatha kukhala *feckless*, kutanthauza kuti mphamvu sizinabwerere, ndipo panalibe mlandu. Lero likanenedwa pa munthu wosauka limakhala chiweruzo cha khalidwe lake. Limatseka mafunso amene anayenera kufunsidwa: mgodi wa malasha utatsekedwa m'tauni ya kwawo panabwera ntchito yanji, lendi ikudya gawo lanji la malipiro, munthuyu akudwala kapena ayi. Alipo ndithu anthu otayirira, m'mabanja olemera ndi osauka momwe. Koma kutenga liwu loyenera munthu mmodzi amene mukum'dziwa n'kulivundikira pa anthu mamiliyoni amene simunawaonepo, kumeneko ndi kulakwa, ndipo mukaliona m'nkhani likugwiritsidwa ntchito motero, dziwani kuti wolembayo watenga kale mbali.

Nanga ku America amaligwiritsa ntchito chimodzimodzi?

Kumeneko limalunjika m'mwamba kusiyana ndi m'munsi. Ndi liwu lokondedwa ndi andale pofuna kunena kuti mtsogoleri ndi wofooka. Mu March 2014, Russia italowa m'dera la Crimea m'dziko la Ukraine, Senator John McCain ananena kuti zimenezo ndi zotsatira za ndondomeko ya zakunja ya *feckless* ya boma la Barack Obama. Mu December 2015, pa mtsutso wa ofuna kuimira chipani cha Republican pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko, Chris Christie anatchula Obama kuti *feckless weakling*. Apa tanthauzo lake ndi lakale lija, la kusowa mphamvu yobweretsa zotsatira.

Nthawi imene anthu wamba ambiri a ku America anathamangira kukalifufuza inali May 2018. Samantha Bee, woseketsa anthu pa wailesi ya kanema, anagwiritsa ntchito liwuli ponena za Ivanka Trump, mwana wamkazi wa Donald Trump amene anali mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, pom'dzudzula kuti sakuchitapo kanthu pa nkhani ya ana a anthu olowa m'dzikomo amene ankalekanitsidwa ndi makolo awo. Analiphatikiza ndi liwu lolaula kwambiri, ndipo anapepesa pambuyo pake. Chimene chinaputa mkwiyo chinali liwu lachiwirilo, osati *feckless*. Yankho la funso la kutukwana lili pamwambapa silinasinthe.

Kodi pali mawu ena a Chingerezi a munthu wotere amene ali ndi mbiri yawo?

Alipo ambiri, ndipo angapo anayamba ngati mayina a anthu.

*Milquetoast* ndi munthu wamantha, wogonja msanga, wopepesa ngakhale pamene sanalakwe. Linachokera kwa Caspar Milquetoast, munthu wa m'zithunzi zoseketsa za m'nyuzipepala zimene H. T. Webster anayamba kujambula ku America mu 1924. Dzinalo analitenga ku *milk toast*, buledi wootcha woviikidwa mu mkaka, chakudya chofewa cha odwala m'mimba.

*Namby-pamby* ndi lakale kuposa pamenepo. Linali dzina lonyoza la mlakatuli Ambrose Philips, amene ankalemba ndakatulo zotsekemera mopitirira zotamanda ana a anthu olemera. Henry Carey anam'seka nalo cha m'ma 1725, potenga "Amby" wa mu Ambrose n'kum'sandutsa kalankhulidwe ka khanda. Philips anaiwalika, koma dzina lom'nyozalo likadali m'kamwa mwa anthu patapita zaka 300.

*Nebbish* linabwera ndi Ayuda olankhula Yiddish amene anasamukira ku America, kuchokera ku *nebekh*, mfuu ya chisoni yofanana ndi "kalanga ine". Ndi munthu womvetsa chisoni amene dziko limangom'ponda. Ndipo ku Britain kuli *wet*, wonyowa, limene linatchuka m'zaka za m'ma 1980 pamene Margaret Thatcher, nduna yaikulu ya nthawiyo, ndi om'tsatira ankatcha *wets* nduna za chipani chake zimene zinkaopa ndondomeko zake zouma pa chuma, monga Jim Prior ndi Ian Gilmour.

Onsewa amanena za mantha kapena kufewa. *Feckless* yekha ndi amene amanena za udindo wosiyidwa.

Ndingaligwiritse ntchito polemba mayeso, lipoti kapena kalata ya kuntchito?

Pa chimangirizo cha mayeso, makamaka pofotokoza munthu wa m'buku, n'loyenera ndipo limaonetsa kuti mwasankha liwu mosamala. Onetsetsani kuti munthuyo ndi wolephera kuchita, osati wochita mosaganiza, kuti musalisokoneze ndi *reckless*. Limakhala patsogolo pa dzina, monga *a feckless husband*, kapena pambuyo pa mneni, monga *the committee was feckless*.

Pa lipoti la kuntchito lonena za munthu weniweni, lipeweni. Likuweruza khalidwe lonse la munthu, ndipo iye akhoza kulitenga ngati chipongwe n'kukadandaula. Lembani chimene chinachitika: ntchito imene sinamalizidwe, tsiku limene inayenera kutha, ndi kangati anakumbutsidwa. Mukafuna liwu lofatsa lonena za ndondomeko kapena njira imene sinabale zipatso, *ineffective* akukwanirani.